Kulowa usilikali ku America si kupeza unzika

Kwa zaka zambiri anthu akhala akuuzana kuti munthu akafika ku America, ngakhale pa viza ya alendo, angolowa usilikali basi, unzika wapezeka. Si zoona ayi.

Gulu lankhondo la dzikolo limalembadi anthu amene si nzika, koma kawirikawiri ndi okhawo amene ali kale ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Asilikali sapereka chilolezochi, ndipo munthu amene ali kunja sangadalire usilikali kuti umutsegulire khomo. Panali pulogalamu ya MAVNI imene inkalandira madokotala ndi odziwa zilankhulo zina opanda green card, koma inasiya kulemba anthu mu 2016.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale asilikali ena anasokonezeka nazo. Lumbiro la usilikali ndi lina, la unzika ndi linanso. Msilikali ayenera kulemba yekha fomu ya N-400 yofunsira unzika, akuluakulu ake n'kumusainira N-426 yotsimikizira kuti akutumikira mokhulupirika. Salipira kanthu, ndipo sadikira zaka 5 ngati anthu wamba. Koma ena, poganiza kuti zonse zinatheka tsiku limene anavala yunifolomu, sanalembe mafomuwa. Atapalamula milandu pambuyo pake, anathamangitsidwa m'dziko limene analimenyera nkhondo.