Sitampa Kukalamba Sikuti Ndiye Yadula

Ambiri kuno ku Mzuzu akapeza makalata a agogo m'sutikesi amathamangira kumatula masitampa, envelopu n'kuitaya, poganiza kuti ukale wa sitampa ndiye ndalama. Sizili choncho ayi. Penny Black, sitampa yoyamba padziko lonse, inatuluka ku Britain mu 1840, koma anasindikiza zoposa 68 miliyoni, moti yong'ambika siipita patali pa okushoni. Masitampa wamba a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland nawonso ali mbwee.

Ogula amayang'ana kusowa kwake ndi mmene yasungidwira: mano a m'mbali onse alipo? Mtundu sunasuluke? Ngati sinagwirepo ntchito, guluu wakumbuyo akadali wake?

Koma chomwe anthu amaononga kwambiri ndi envelopu. Chidindo cha positi ya Livingstonia, Karonga kapena Nkhata Bay, chooneka bwino tsiku ndi chaka, pamodzi ndi zidindo zakumbuyo zosonyeza njira imene kalata inadzera, nthawi zambiri chimaposa mtengo wa sitampa yokha. Makamaka makalata a nthawi ya British Central Africa (dzina la dziko lino lisanatchedwe Nyasaland), imene masitampa ake anayamba mu 1891. Mukamatula, umboni wonsewo wapita.

Chinyezi cha Mzuzu nachonso si chibale. Chimabweretsa chuku ndi timadontho tofiirira, ndipo masitampa osanjikizana amamatirirana. Sungani m'alubamu yoimika, pamalo ouma, osati m'jumbo. Selotepu ndiye musayerekeze.

Musanatumize ku okushoni, funsani komishoni yomwe adzadule pa mtengo womwe katundu wagulidwira.