Peter Heather ndi nkhondo zomwe zidafooketsa Roma

Pa 9 Ogasiti 378, pafupi ndi mzinda wa Adrianople (lero ndi Edirne, ku Turkey), asilikali a Roma adagonja kwa a Goth, mtundu wochokera kunja kwa malire a ufumu wa Roma, ndipo mfumu ya Roma, Valens, idafera komweko. Zambiri zomwe tikudziwa za tsikulo zidalembedwa ndi munthu mmodzi, Ammianus Marcellinus, yemwenso adakhalapo msilikali. Iye akuti mwa asilikali atatu alionse, mmodzi yekha ndiye adapulumuka. Koma onse adalipo angati? Sadanene.

Akatswiri a mbiri ya nkhondo za m'zaka zotsiriza za ufumu wa Roma amagwira ntchito ndi umboni woperewera chonchi. Mmodzi mwa iwo ndi Peter Heather, wobadwa mu 1960 ku Northern Ireland. Adaphunzira ku New College, Oxford, ndipo kafukufuku wa digiri yake ya udokotala adatuluka mu 1991 ngati buku lotchedwa Goths and Romans 332–489. Adaphunzitsa ku University College London, kenako ku Worcester College, Oxford, ndipo mu 2008 adakhala pulofesa ku King's College London.

Chomwe ndimamuyamikira kwambiri ndi mmene amawerengera zolembedwa zakale. Panali Themistius, munthu wodziwa kuyankhula yemwe ankatamanda mafumu pagulu. Roma itagwirizana mtendere ndi a Goth mu 382, iyeyu adaufotokoza ngati chipambano. Heather amamuwerenga ngati mneneri wa boma: akamakometsera chinthu mopitirira, ndiye kuti pali chomwe chidalakwika.

M'buku lake la 2005, The Fall of the Roman Empire, mfundo ndi yakuti Roma sidaole yokha kuchokera mkati. A Hun, mtundu wankhondo wochokera kum'mawa, adakankha mitundu ina, a Goth nawoloka mtsinje wa Danube, womwe udali malire a ufumu, mu 376, ena nkutsatira pambuyo. Apa mpomwe nkhani ya nkhondo imasanduka ya ndalama. Malipiro a asilikali ankachokera ku msonkho wa minda. Chigawo chikalandidwa, msonkho umachepa, asilikali nkuchepanso, chigawo china nkupita. A Vandal, mtundu winanso wakunja, atalanda mzinda wa Carthage kumpoto kwa Africa mu 439, Roma idataya dera lolemera kwambiri kumadzulo kwa ufumu wake. Kuyesa kulilanditsa ndi zombo mu 468 kudalephereka, ndipo mu 476 mfumu yomaliza kumadzulo, Romulus Augustulus, idachotsedwa pampando.

Anzake ena sakhutira. Walter Goffart ndi Guy Halsall adatsutsa poyera kuti Heather amakuza kwambiri mitundu yakunja, pomwe akuluakulu a Roma ankamenyana okhaokha chifukwa cha mpando. Ineyo ndimaona kuti pa za msonkho Heather adalasa, koma pa chiwerengero cha anthu omwe adawoloka malire amadalira kuyerekeza kuposa mmene owerenga ake ambiri amaganizira. Heather adayankha omutsutsawo mu 2009 ndi buku lina lalikulu, Empires and Barbarians, ndipo sadasinthe maganizo.