Diso Lolengeza Misozi Liyezedwe Musanagule Mankhwala

Ndatopa kumva odwala akundiuza kuti diso lawo "limapanga misozi yambiri", kenaka n'kutulutsa m'chikwama timabotolo titatu ta mankhwala odonthezera timene anagula okha. Kawirikawiri misozi siichuluka ayi, koma njira yake yotulukira ndiyo yatsekeka. Pangodya ya diso, kufupi ndi mphuno, chikope chilichonse chili ndi kabowo kakang'ono kamene misozi imalowamo, n'kudzera m'kathumba, n'kutsikira m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akalira amatuluka mamina.

Kuyeza njirayi sikuchedwa. Timadontheza m'diso utoto wachikasu wotchedwa fluorescein n'kudikira mphindi 5, ndipo utotowo ukakhalabe uli ndengundengu, timadziwa kuti misozi sikuyenda. Tikatero timachititsa diso dzanzi, n'kulowetsa kachubu kosasongoka m'kabowo kaja ndi kupoperamo madzi amchere. Wodwala akamva mchere kukhosi, ndiye kuti njira ndi yotseguka ndipo tifufuze kwina, monga nsidze zolasa diso. Madziwo akabwerera pa kabowo ka chikope chinacho, makamaka pamodzi ndi mafinya, ndiye kuti kwatsekeka kumunsi kwa kathumba.

Sindiwaiwala mayi ena achikulire amene anakhala zaka ziwiri akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje mpaka pambali pa mphuno panatupa. Anapita kwa sing'anga, amene anawatema mphini pachotupapo ndi kuwafinyira madzi a masamba m'diso. Pofika kwa ife, kutsogolo kwa diso kunali chilonda chodzaza mafinya. Opaleshoni yoboola njira yatsopano yolowera m'mphuno inatheka, misozi inaleka, koma chipsera cha chilonda chija chinaphimba diso ndipo silionanso. Kutsekeka kokhako sikukanawachititsa khungu, ndipo zimenezi zimandiwawabe.

Makanda ambiri obadwa ndi njira yotsekeka, pafupifupi 9 mwa 10 alionse, amachira asanakwanitse chaka, ndipo timangophunzitsa mayi kusisita pambali pa mphuno. Komatu musagamule nokha, ndipo musafinyiremo mkaka wa m'mawere. Khanda lolengeza misozi limene likuthawa kuwala, kapena limene diso lake likukula ndi kuchita mbuu, likhoza kukhala ndi glaucoma, matenda amene amapha diso msanga. Khanda lotero lionedwe ndi dokotala wa maso sabata yomweyo, ngakhale zitafunika kukafika ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma.