Mahomoni a bioidentical kwa mayi wosiya kusamba amene magazi ake amaundana msanga mwa chibadwa: mafunso ndi mayankho

Mayi amene anatengera kwa makolo ake vuto la magazi oundana msanga, akafika pa msinkhu wosiya kusamba n'kuyamba kuvutika ndi kutentha kwa thupi kobwera mwadzidzidzi, thukuta la usiku ndi kusowa tulo, kawirikawiri amalandira uphungu wa mitundu iwiri yotsutsana. Ena amamuuza kuti mahomoni asawayandikire n'komwe, pamene ena amamutsimikizira kuti akasankha otchedwa bioidentical palibenso choopa. Malangizo amene madokotala amatsata ali pakati pa awiriwa, ndipo sayang'ana kwambiri dzina la mankhwala koma njira imene mankhwalawo amalowera m'thupi.

Kodi mawu akuti bioidentical amatanthauza chiyani kwenikweni?

Amatanthauza mahomoni amene mapangidwe ake ndi ofanana ndendende ndi amene thupi la mayi limapanga lokha, makamaka estradiol (mtundu waukulu wa homoni yachikazi yotchedwa estrogen) ndi progesterone. Sathyoledwa kumtengo ayi. Amapangidwa m'fakitale kuchokera ku zinthu zopezeka mu soya kapena m'zilazi zina, ndipo zinthuzo zimasinthidwa mpaka zitafanana ndi homoni ya munthu.

Pansi pa dzina limodzili pali magulu awiri amene sayenera kusokonezedwa. Loyamba ndi la mankhwala ovomerezedwa ndi mabungwe oyang'anira mankhwala, amene mlingo wake unayesedwa ndipo umadziwika, monga zigamba za estradiol zomata pakhungu, mafuta opaka a Oestrogel, ndi makapisozi a progesterone a Utrogestan kapena Prometrium. Lachiwiri ndi la mahomoni amene amasakanizidwa m'mafamase ena motsatira zimene walemba dokotala wa munthu mmodzi mmodzi, ndipo amagulitsidwa ngati kirimu, timapiritsi tosungunukira m'kamwa, kapena timibulu toika pansi pa khungu.

Vuto la magazi la kumtunduli ndi lotani, ndipo kodi lonse ndi lofanana?

Silofanana, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumatsogolera chisankho. Lofala kwambiri ndi Factor V Leiden, limene linafotokozedwa mu 1994 mu mzinda wa Leiden ku Netherlands, ndipo limapezeka mwa anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse a mtundu wa ku Ulaya, koma ndi losowa kwambiri mwa anthu a ku Africa ndi a kum'mawa kwa Asia. Munthu amene analitenga kwa kholo limodzi chiopsezo chake cha magazi kuundana m'mitsempha chimakwera pafupifupi katatu mpaka kasanu, ngakhale kuti ambiri a iwo amakalamba osadwalapo. Amene analitenga kwa makolo onse awiri ali pa chiopsezo chachikulu koposa. Lachiwiri ndi kusintha kwa jini ya prothrombin (chimodzi mwa zinthu zoundanitsa magazi) kotchedwa G20210A, kumene kunafotokozedwa mu 1996, ndipo kumakweza chiopsezo kawiri kapena katatu.

Palinso mavuto atatu osowa koma olemera, omwe ndi kuchepa kwa antithrombin, kwa protein C ndi kwa protein S. Zitatuzi ndi zimene mwachibadwa zimaletsa magazi kuundana mopitirira, choncho zikachepa, makamaka antithrombin, magazi amatha kuundana munthu akadali wamng'ono ndiponso mobwerezabwereza.

Ngati estradiol ndi yofanana ndi ya m'thupi, ingachititse bwanji magazi kuundana?

Funsoli ndiye phata la nkhani yonse. Homoni imene thupi limapanga imalowa m'magazi pang'onopang'ono n'kufalikira m'thupi lonse, pamene piritsi lomezedwa limachoka m'matumbo n'kukafika kaye kuchiwindi lili ndi mphamvu zake zochuluka. Chiwindi ndicho chimapanga zinthu zambiri zoundanitsa magazi pamodzi ndi zoletsa kuundanako, ndipo chikalandira estrogen yambiri nthawi imodzi chimawonjezera zina mwa zoundanitsa n'kuchepetsa zoletsa monga antithrombin ndi protein S. Chimachititsanso kuti magazi asamvere bwino protein C, lomwe ndi vuto lenileni limene mayi wa Factor V Leiden ali nalo kale kuyambira pa kubadwa. Motero piritsi limakankhira magazi mbali yomweyo imene chibadwa chinawapendekera kale.

Chiwindi sichisiyanitsa kuti estrogen iyi ndi yofanana ndi ya m'thupi kapena ayi. Umboni womveka bwino unachokera ku Norway mu 2000, m'kafukufuku wa EVTET, mmene amayi 140 amene anadwalapo kale kuundana kwa magazi anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina linkamwa piritsi la estradiol ya 2 mg pamodzi ndi norethisterone (homoni yopangidwa mofanizira progesterone), lina linkamwa piritsi lopanda mankhwala. Amayi 8 a gulu loyamba anadwalanso, poyerekeza ndi mmodzi yekha wa gulu lachiwiri, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Estrogen imene amayiwo ankamwa inali estradiol yeniyeni, ija imene otsatsa malonda amaitcha yachilengedwe.

Nanga chigamba kapena mafuta opaka pakhungu zimasiyana motani?

Estradiol yodutsa pakhungu imalowa m'magazi mwachindunji osayamba yapita kuchiwindi, ndipo pa mlingo wamba sisintha kwenikweni kaundanidwe ka magazi. Kafukufuku wa ESTHER wa ku France anafufuza funso lomwe likukhudza amayi a vuto la kumtunduli, ndipo zotsatira zake za mu 2005 zinaonetsa kuti mayi wa Factor V Leiden kapena G20210A amene amamwa estrogen ya mapiritsi chiopsezo chake chinali chokwera pafupifupi ka 25 poyerekeza ndi mayi wopanda vutoli amenenso samwa mahomoni. Kwa mayi wa vuto lomwelo wogwiritsa ntchito estrogen ya pakhungu chiopsezo chinali chokwera pafupifupi kanayi, chimodzimodzi ndi mnzake wa vutoli amene sagwiritsa ntchito mahomoni alionse. Kafukufuku wina wamkulu wa ku United Kingdom wa mu 2019, amene anaunika zolembedwa za amayi oposa 80,000 amene anadwala kuundana kwa magazi, anapeza kuti mapiritsi anakweza chiopsezo ndi 58 peresenti, pamene mankhwala a pakhungu sanachikweze.

Zinthu ziwiri ziyenera kunenedwa mosabisa. Choyamba, chigamba sichichotsa chiopsezo cha chibadwa. Chimangopewa kuwonjezerapo china pamwamba pake. Chachiwiri, kafukufuku wa ESTHER komanso wa ku United Kingdom uja anali wongoyang'ana zimene zinachitikira amayi amene anali kale pa mankhwalawo, osati wogawa anthu mwa maere monga zinalili ndi Women's Health Initiative ya ku United States, imene mu 2002 inaonetsa kuti mapiritsi a estrogen yochokera ku mkodzo wa akavalo pamodzi ndi medroxyprogesterone amachulukitsa kuundana kwa magazi pafupifupi kawiri. Komanso amayi ambiri a vuto la kumtundu m'kafukufuku wa ESTHER anali a mitundu iwiri yopepukirapo ija, choncho mayi wa antithrombin yochepa sayenera kuzitenga zotsatirazo ngati chilolezo chake.

Kodi malangizo a madokotala akunena chiyani pa mayi wotereyu?

Malangizo a bungwe la NICE la ku England okhudza kusiya kusamba, amene anatuluka mu 2015 n'kukonzedwanso mu 2024, amanena kuti mayi amene chiopsezo chake cha kuundana kwa magazi n'chokwera, kuphatikizapo wonenepa kopitirira BMI ya 30 (muyeso woyerekeza kulemera kwa thupi ndi kutalika kwa munthu), aganiziridwe zopatsidwa mankhwala a pakhungu m'malo mwa mapiritsi. Amanenanso kuti mayi amene ali ndi vuto la kumtunduli, kapena amene abale ake apafupi angapo anadwalapo, aganiziridwe zotumizidwa kwa dokotala wa matenda a magazi asanayambe mahomoni. Sanena kuti mahomoni ndi oletsedwa kwa onse, ndiponso sanena kuti ndi omasuka kwa onse.

Dokotalayo amafuna kudziwa mtundu wa vutolo, ngati linachokera kwa kholo limodzi kapena onse awiri, ngati mayiyo anadwalapo yekha, ndi mmene thupi lake linachitira pa nthawi zimene estrogen inali yambiri, monga pa pathupi kapena pomwa mapiritsi olera. Amayang'ananso msinkhu, kunenepa, kusuta fodya ndi matenda ena monga khansa. Akagwirizana kuti mayi ayambe, amayambira pa mlingo wochepa umene ungathetse zizindikiro, ndipo kawirikawiri sapitirira chigamba cha mamaikurogalamu 50 pa tsiku popanda chifukwa chomveka.

N'chifukwa chiyani nkhani ya progesterone imabwera, pamene vuto likuoneka kuti lili pa estrogen?

Mayi amene chiberekero chake chilipo sangalandire estrogen yokha, chifukwa imakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero ndipo pakapita nthawi ingayambitse khansa. Amafunika homoni yachiwiri yoteteza khungulo, ndipo apa ndi pamene mawu akuti bioidentical ali ndi phindu lenileni. Zotsatira za ESTHER za mu 2007 zinaonetsa kuti progesterone ya makapisozi, yofanana ndi ya m'thupi, sinawonjezere chiopsezo cha kuundana kwa magazi, pamene gulu lina la mahomoni opangidwa mofanizira, lotchedwa norpregnane, linachikweza pafupifupi kanayi. Progesterone imeneyi imamwedwa usiku chifukwa imabweretsa tulo, kawirikawiri 100 mg tsiku lililonse kapena 200 mg kwa masiku 12 mpaka 14 pa mwezi. Njira ina yoteteza chiberekero ndi lupu yokhala ndi levonorgestrel, monga Mirena. Mayi amene anachotsedwa chiberekero nthawi zambiri safunika homoni yachiwiriyi.

Nanga mahomoni osakanizidwa mwapadera m'famase, amene amati ndi opimidwa pa thupi la munthu mwini, si ndiwo abwino kwa mayi wa vuto lapadera?

Ganizoli limamveka lanzeru, koma kwa mayi ameneyu ndi losemphana ndi chimene akufunika. Chitetezo chake chagona pa kudziwa bwino mlingo umene ukulowa m'magazi, pamene mankhwala osakanizidwawa sayesedwa mofanana ndi ovomerezedwa, ndipo mphamvu yake imatha kusiyana kuchokera pa botolo lina kufika pa lina. Timibulu ta pansi pa khungu timatha kukweza estradiol kupitirira muyeso kwa miyezi ingapo, ndipo tikaikidwa n'tovuta kutichotsa vuto likabuka. Timapiritsi tosungunukira m'kamwa gawo lake lina limamezedwa ndi malovu n'kukafika kuchiwindi. Kirimu wa progesterone salowa mokwanira kuti ateteze chiberekero, ndipo kuyeza mahomoni m'malovu, kumene ogulitsa ambiri amadalira, sikusonyeza mlingo woyenera wa mankhwala. Mu 2020 bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine la ku United States linaunika nkhaniyi ndipo linalangiza kuti mankhwala otere asungidwire okhawo amene sangathe kugwiritsa ntchito ovomerezedwa, mwachitsanzo chifukwa thupi lawo limadana ndi chinthu china chimene chili m'menemo.

Kodi mayi amene anadwalapo kale kuundana kwa magazi angalandire mahomoni?

Mapiritsi a estrogen sayenera kwa iye. Estradiol ya pakhungu imatha kuganiziridwa ngati zizindikiro zikumusowetsa mtendere ndipo njira zina zalephera, koma chisankhocho chimapangidwa pamodzi ndi dokotala wa matenda a magazi. Amene ali kale pa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa nthawi yaitali, monga warfarin, rivaroxaban kapena apixaban, amakhala otetezedwa ndi mankhwalawo, ngakhale kuti kutaya magazi kumaliseche kungachuluke ndipo kuyenera kufufuzidwa. Mayi amene anasiya kusamba asanakwanitse zaka 40 nkhani yake imayezedwa mosiyana, pakuti kukhala zaka zambiri wopanda estrogen kumafooketsa mafupa ndiponso kumaika mtima pa chiopsezo, kotero madokotala amayesetsa kumupezera njira yoti alandire.

Kodi mayi aliyense ayezetse magazi asanayambe mahomoni?

Ayi. Kuyezetsa kumaganiziridwa pamene mayiyo kapena kholo lake, m'bale wake kapena mwana wake anadwalapo, makamaka ali wamng'ono kapena popanda chifukwa chooneka. Zotsatira zosonyeza kuti alibe vutoli sizifafaniza mbiri ya banja, ndipo kuyeza protein C ndi protein S munthu ali pa warfarin kumapereka zotsatira zosokoneza. Kusintha kwa jini ya MTHFR, kumene kumadetsa nkhawa amayi ambiri akakuona pa pepala la zotsatira, sikuwerengedwa m'gulu la mavuto amenewa.

Kwa amene sangalandire kapena sakufuna mahomoni, pali chiyani?

Ngati chovuta chachikulu ndi kuuma kumaliseche, kupweteka pogonana kapena kuvutika pokodza, estrogen yochepa yoika kumaliseche komweko imathandiza, ndipo imalowa m'magazi pang'ono kwambiri moti sinaonetse kukweza chiopsezo cha kuundana. Pa kutentha kwa thupi pali venlafaxine, paroxetine, gabapentin, ndi fezolinetant imene inavomerezedwa ku United States mu 2023 koma imafuna kuyeza chiwindi pafupipafupi. Uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe umachepetsanso kuvutika ndi zizindikiro ndi kusowa tulo. Raloxifene, imene imaperekedwa poteteza mafupa, imakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi, choncho siyenera kulowa m'malo mwa estrogen kwa mayi ameneyu.

Mayi akayamba mankhwala, ayenera kusamala chiyani?

Ayenera kuuza dokotala aliyense womusamalira za vuto lake ndi mankhwala ake, makamaka opaleshoni ikamakonzedwa, akathyoka mwendo, kapena akagonekedwa kwa masiku angapo, chifukwa pa nthawi zoterezi angafunike jakisoni wa heparin, woletsa magazi kuundana. Pa ulendo wa maola ambiri ayenera kudzuka n'kuyendayenda kapena kugwedeza mapazi kawirikawiri. Mwendo umodzi ukatupa, kupweteka kapena kutentha, makamaka pa katumba, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa popuma, kutsokomola magazi, kukomoka, mutu woopsa umene sanaumvepo, kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi zimafuna chithandizo cha mwadzidzidzi nthawi yomweyo, ndipo akafika auze omulandira mtundu wa vuto lake la magazi ndi dzina la mahomoni amene akugwiritsa ntchito.