Mabwana Awiri m'Kaunti Imodzi: Gwero la Mkangano wa Maudindo ku Kenya

Pa 27 Ogasiti 2025 malamulo oyendetsera dziko la Kenya adakwanitsa zaka 15, koma funso limene malamulowa adafuna kulithetsa likadali pakamwa pa anthu a m'madera akumidzi: mwini mphamvu m'kaunti (dera la ulamuliro m'dzikolo) ndani? M'kaunti iliyonse mwa makaunti 47 muli gavanala wosankhidwa ndi anthu pachisankho, ndipo mulinso komishinala woikidwa ndi boma lalikulu ku Nairobi, amene amayang'anira zachitetezo ndi mafumu. Kuti timvetse chifukwa chake anthu a m'makaunti a kumpoto monga Turkana, Wajir kapena Marsabit amakayikira munthu aliyense wotumidwa kuchokera kulikulu, tiyenera kubwerera kuchiyambi cha ufulu wa dzikolo.

Kenya idalandira ufulu pa 12 Disembala 1963 ili ndi malamulo otchedwa majimbo, amene adagawa dzikolo m'zigawo zisanu ndi ziwiri, chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo. Adalimbikira dongosololi ndi chipani cha KADU cha Ronald Ngala ndi Daniel arap Moi, poopa kuti mitundu ing'onoing'ono ipondedwa ndi Akikuyu ndi Aluo amene adali nsanamira za chipani cha KANU. Boma la Jomo Kenyatta, mtsogoleri wa KANU, silidabise kuti majimbo silikuwafuna. Lidachedwetsa ndalama ndi mphamvu zoyenera kupita kuzigawo, KADU idadzithetsa yokha mu Novembala 1964, ndipo pofika 1966 nyumba ya Seneti, imene idali mlonda wa zigawozo, idaphatikizidwa ndi nyumba ya aphungu. Mphamvu zidabwerera m'manja mwa akuluakulu oikidwa ndi ofesi ya Pulezidenti, kuyambira komishinala wa chigawo, bwanamkubwa wa boma, mpaka mfumu ya m'dera. Owerenga adziwe kuti mfumu ya ku Kenya simalowa ufumu mwa mtundu kapena magazi, ndi munthu wolembedwa ntchito ndi boma, wovala yunifolomu ndi kulandira malipiro pamwezi, choncho khutu lake limamvera amene adamulemba.

Ine ndimaona kuti pamene zinthu zidakhotera penipeni ndi mu 1965, pamene boma lidatulutsa chikalata cha ndondomeko ya chuma chotchedwa Sessional Paper No. 10, Tom Mboya ali nduna ya mapulani a zachuma. Chikalatacho chidanena mosapsatira kuti ndalama za chitukuko zizipita kumene zingabale phindu lalikulu, ndiko kunena kumadera a nthaka yachonde, mvula yokwanira, misewu ndi magetsi, komanso kumene anthu ake ndi okonzeka kulandira chitukuko. Mfundo yotsirizayi ndiyo imawawa kwambiri, chifukwa madera amene adali ndi misewu ndi magetsi mu 1965 ndi omwewo amene atsamunda adawakonda, pomwe abusa a ngamila ndi mbuzi a kumpoto, amene atsamundawo adawatsekera m'dera losalowa munthu popanda chiphaso, adasanduka anthu osakonzeka.

Ofufuza mbiri sagwirizana pa kukula kwa mlandu wa chikalatachi. Ena amachiikira kumbuyo kuti dziko losauka silikadatha kumwaza kandalama kake paliponse, ndipo amakumbutsa kuti chikalata chomwecho chidalonjeza kuti phindu lochokera kumadera achonde lidzathandiza madera otsalira. Ena amati chidapatsira kumpoto kusauka si pepala koma nkhondo ya Shifta ya 1963 mpaka 1967, ya pakati pa boma ndi Asomali ofuna kupatuka ku Kenya, ndi malamulo a nthawi ya chipwirikiti amene adakhalabe m'chigawo cha kumpoto chakummawa mpaka 1991. Mfundo zonsezi zili ndi nzeru, ndipo palibe kaundula amene angatisonyeze mmene Mandera, dera la m'chigawocho, ikadakhalira majimbo akadapitirira. Komabe lonjezo logawana phindu lija lidalibe munthu wolikumbutsa, popeza amene adali ndi udindo m'maderawo adali alendo otumidwa, osamutsidwa pakapita zaka zochepa, ndipo kukwezedwa kwawo kudadalira kusunga bata, osati kukumba zitsime. Lamulo la 1969 lidalandanso makhonsolo sukulu za pulayimale, zipatala ndi misewu. Mbali yaikulu ya msewu wochoka ku Isiolo kupita ku Moyale, kumalire ndi Ethiopia, idakhala yafumbi ndi miyala kwa zaka zoposa makumi asanu chilandirireni ufulu, anthu akuyenda atakhala pamwamba pa malole a ng'ombe, ndipo nkhani imene Akenya ambiri amaifotokoza ndi yakuti munthu wokwera galimoto yolowera kummwera ankatsanzika kuti akupita ku Kenya.

Ndondomeko ya Pulezidenti Moi ya 1983 yoika chitukuko m'maboma sidasinthe zambiri, poti wapampando wa komiti ya chitukuko adali bwanamkubwa yemwe uja. Zidatengera ziwawa za chisankho cha 2007, zimene zidapha anthu oposa 1,000, kuti andale avomere malamulo atsopano, omwe anthu adawavomereza pa riferendamu ya pa 4 Ogasiti 2010. Malamulowa adalamula kuti makaunti azilandira ndalama zosachepera 15 peresenti ya zimene boma latolera, adakhazikitsa thumba la theka la peresenti imodzi lothandizira madera otsalira pa madzi, misewu, zipatala ndi magetsi, ndipo adapatsa boma zaka zisanu kuti likonzenso dongosolo lakale la mabwanamkubwa.

Liwu lakuti kukonzanso ndilo lidatsegula mpata. Ambiri adamva ngati kuthetsa, koma mu Meyi 2012, magavanala asanasankhidwe n'komwe, Pulezidenti Mwai Kibaki adaika makomishinala 47, amuna 37 ndi amayi 10 okha. Woweruza Mumbi Ngugi wa bwalo lalikulu adagamula mu Juni kuti kusankhako kudaphwanya malamulo, mwa zina chifukwa amuna adapyola magawo awiri mwa atatu komanso nduna yaikulu Raila Odinga sadafunsidwe. Makomishinalawo sadachoke m'maofesi, bwalo la apilo lidathetsa chigamulocho mu 2013, ndipo lamulo la chaka chomwecho lidawakhazika mwalamulo. Choncho magavanala oyamba, osankhidwa pa 4 Malichi 2013, adapeza munthu wa Nairobi atakhala kale pampando. Boma limati kuba ziweto ndi uchigawenga wa kumalire sizingasiyidwe m'manja mwa wandale wa m'dera, ndipo pamenepa likunena zoona, ngakhale munthu wa ku Wajir amene akukumbukira mmene asilikali a boma adaphera anthu ku Wagalla, pafupi ndi Wajir, mu 1984 ali ndi chifukwa chomvera mawu akuti chitetezo ndi mtima wina.

Makaunti nawonso sali oyera pa nkhani ya maudindo. Lamulo la 2012 limati magawo 30 pa 100 alionse a ntchito zoyambira azipatsidwa anthu osachokera mumtundu waukulu wa m'kauntimo, koma kafukufuku wa bungwe la boma loona za umodzi wa mitundu wakhala akupeza kuti makaunti ambiri salitsata, ndipo mafuko ang'onoang'ono a m'makaunti akumidzi akudandaula za gavanala monga mmene makolo awo ankadandaulira za Nairobi. Thumba la madera otsalira lija, limene mu 2013 lidalozedwa ku makaunti 14, lidapatsidwa moyo wa zaka 20 zokha, ndipo zambiri mwa zakazo zatha ndalama zikuchedwa kufika, nkhani ili m'makhoti ndi m'Nyumba ya Malamulo.