Utsi wa M'khitchini: Poizoni Wobisala M'mwaye

M'miyezi ya June ndi July kuno ku Dedza ndi Ntcheu, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu ndi Tsangano, chisanu chimatitseketsa zitseko ndi mazenera n'kutiunjika pamoto. Mwaye wakuda womwe walendewera kudenga la khitchini yanu ndi womwewo umene mukupuma.

Nkhuni, makala, fodya, dizilo kapena pulasitiki zikamayaka popanda mpweya wokwanira sizipsa zonse. Zotsalazo zimagwirana n'kupanga gulu la mankhwala omwe akatswiri amawatcha ma PAH. Muli zinthu ziwiri zokha, kaboni ndi haidrojeni. Maatomu (tizidutswa tochepetsetsa ta chinthu) 6 a kaboni amalumikizana n'kupanga mphete, ndipo mphetezo zimamatirana m'mbali ngati timabowo ta chisa cha njuchi. Naphthalene ali ndi mphete 2, anthracene 3, pyrene 4, pomwe benzo[a]pyrene, yemwe ndi woopsa kwambiri, ali nazo 5. Amphete zochepa amauluka ndi mpweya. Amphete zambiri amakakamira ku tinthu ta mwaye tosaoneka ndi maso, tomwe timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. M'madzi sasungunuka bwino, koma m'mafuta.

Kuopsa kwake kunadziwika kalekale. Mu 1775 dokotala wina wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anthu omwe ankasesa mwaye m'machumuni kuyambira ali ana ankadwala kwambiri khansa ya pakhungu la kumaliseche. Mu 1933 asayansi a mumzinda womwewo anapatula benzo[a]pyrene m'phula la malasha, ndipo lero bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC limamuika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Chomvetsa chisoni n'chakuti thupi lenilenilo limathandizira vutoli: chiwindi chikamayesa kumuphwanya kuti atuluke, chimapanga kanthu kena komwe kamamatirira ku DNA, yomwe imasunga malangizo a kagwiridwe ntchito ka maselo a thupi, n'kuiwononga. Izi sizichitika tsiku limodzi. Zimatenga zaka, n'chifukwa chake mayi wophika pamafuwa m'khitchini yopanda zenera saona cholakwika, ngakhale mwana ali kumsana akupuma nawo.

Ma PAH ndi gawo chabe la zoipa za mu utsi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mpweya woipa wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse mu 2020, kudzera m'chibayo, matenda a mtima, sitiroko, matenda a mapapo okhalitsa ndi khansa.

Chachikulu ndi kayakidwe ka moto. Nkhuni zaziwisi zimafuka kwambiri, choncho ziumitseni kaye ndi kuziwaza. Musakoleze moto ndi majumbo, zidutswa za matayala kapena nsapato zakutha. Changu chakecho n'chodula. Nyengo ikalola phikirani panja, ndipo khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pansi pa denga. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa, koma utsi sautheratu, ndiye mpata wa mpweya ukufunikabe. Mbaula ya makala iyake kaye panja, ndipo musagone nayo m'chipinda chotseka, chifukwa imatulutsanso carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo. Otentha makala ndi oumba njerwa asamaime kumene utsi wa uvuni ukulowera, ndipo amakanika asambe ndi sopo akagwira oyilo wakutha, chifukwa nayenso ali ndi ma PAH.

Pa zakudya tisachite kuopsezana. Kanyenya, chimanga chootcha ndi nsomba zowamba palibe akukuletsani. Vuto limabwera mafuta akamadonthera pamoto n'kutukula utsi womwe ukubwerera panyama. Otchani pamakala ofiira malawi atazima, tembenuzani pafupipafupi, ndipo popserera pakuda dulani mutaye.

Palinso timibulu toyera tonunkha tija timaika m'sutikesi poteteza zovala ku njenjete. Tambiri ndi naphthalene. Tisayandikire zovala ndi zofunda za khanda, chifukwa mwa ana ena obadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa kuchepa kwa G6PD timaphwanya maselo ofiira a magazi n'kuyambitsa chikasu. Mwana akameza ngakhale kambulu kamodzi kokha, thamangirani naye kuchipatala.

Pitaninso kuchipatala ngati chifuwa chapitirira masabata 2, mukutsokomola magazi, mukubanika kapena kuwonda popanda chifukwa, komanso ngati mwana akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa mkati popuma. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuthandizeni kuona pomwe mungatsegule zenera m'khitchini.