Backup imene mukudalirayo muli chiyani mkati mwake?

Pa ntchito yosamala maseva (makompyuta osungira mawebusayiti), mawu otopetsa kwambiri ndi akuti "musadandaule, backup ilipo." Backup ndi kope ya zinthu zanu yodzabwezeretsera zikaonongeka. Koma ilipo kuti? Inayesedwa liti? Ambiri amaloza fayilo imodzi imene anatsitsa chaka chatha pa cPanel, pulogalamu yoyendetsera akaunti ya webusayiti pa seva, n'kumaganiza kuti zonse zili m'menemo.

Ngati munangotsitsa backup ya Home Directory, muli ndi mafayilo a webusayiti ndi maimelo basi. Database (nkhokwe ya zolemba za webusayiti) mulibe, ma cron job (ntchito zodzichitikira pa nthawi yoikika) mulibe, DNS (zolozera dzina la webusayiti ku seva) mulibe. Full Account Backup imatenga zonsezi, koma mwini akaunti sangathe kuibwezeretsa yekha kudzera pa cPanel. Pamafunika munthu amene ali ndi root (ulamuliro wonse) pa WHM, pulogalamu yoyendetsera seva yonse, amene amagwiritsa ntchito /scripts/restorepkg. Anthu amazindikira zimenezi tsiku limene seva yafa, foni ili m'manja, kampani ya hosting siyankha.

Kwa inu amene mumayendetsa seva yonse, vuto ndi lina. Maakaunti mumawasunga, koma makonzedwe a seva mumawaiwala. Zimene munasankha mu Tweak Settings zimakhala mu /var/cpanel/cpanel.config, za Basic WebHost Manager Setup mu /etc/wwwacct.conf, zosintha za Exim (pulogalamu yotumiza maimelo) mu /etc/exim.conf.local, ma package (malire a zimene akaunti imapatsidwa) mu /var/cpanel/packages, ma DNS zone mu /var/named. Mu Backup Configuration muli bokosi lakuti Back up System Files: lichongeni. Thamangitsaninso /usr/local/cpanel/bin/cpconftool --backup, imene imamanga makonzedwe a WHM, Exim ndi ena mu fayilo imodzi ya tar.gz, ndipo sungani profile ya EasyApache 4, mndandanda wa mapulogalamu monga PHP amene munaika kuti aziyendetsa mawebusayiti. Popanda profile imeneyi mudzaika PHP ya mtundu wina, ma extension ena adzasowa, webusayiti idzangoonetsa tsamba loyera, inu n'kumaimba mlandu WordPress.

Koma kumene fayiloyo mwaiika ndiko kumandidetsa nkhawa. WHM imasunga mu /backup, ndipo nthawi zambiri /backup ili pa disiki yomweyo imene ingafe. Pa 10 Malichi 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya OVHcloud yotchedwa SBG2 mu mzinda wa Strasbourg ku France, n'kuwotchanso mbali ya SBG1. Makasitomala ena anali ndi backup, ankalipira ndithu, koma inali pamalo omwewo, ndipo inapsa limodzi ndi seva. Iwowa sanali osasamala ayi. Chimene sanafunse n'chakuti kopeyo ikugona kuti. Mpaka pano anthu sakufunsabe. Gwiritsani ntchito Additional Destinations kutumiza kope ku malo ena kudzera pa SFTP (njira yotetezeka yotumizira mafayilo) kapena Amazon S3 (malo osungira mafayilo a Amazon), ku kampani ina, mzinda wina, ndipo kope yachitatu ikhale m'manja mwanu. Kuno kwathu, kumene ndalama zakunja zimavuta, akaunti ingatsekedwe chifukwa malipiro a dola achedwa. Backup yokhala pa akaunti yomweyo imatsekeredwa limodzi.

Pobwezeretsa, dongosolo n'lofunika. Yambani ndi cPanel ndi MySQL kapena MariaDB (mapulogalamu a database) za mtundu womwewo kapena watsopano, chifukwa kubweza database ku mtundu wakale kumalephera kawirikawiri. Kenako makonzedwe ndi cpconftool --restore, kenako ma package, pomaliza maakaunti. IP (nambala ya adiresi ya seva) ikasintha, konzani SPF (cholemba cha DNS chonena maseva ololedwa kutumiza maimelo anu), ndipo pemphani eni IP yatsopano akuikireni PTR (cholemba cholozera IP ku dzina la seva), chifukwa imeneyi sikhala mu backup iliyonse. Mukaiwala, maimelo anu adzathera mu spam. TTL (nthawi imene makompyuta ena amakumbukira adiresi yakale ya DNS) imene cPanel imaika ndi masekondi 14400, maola anayi, choncho ngati mukusamuka mwadala itsitseni kutatsala tsiku. AutoSSL, imene imapereka satifiketi ya HTTPS, nayo sidzaipereka mpaka domain (dzina la webusayiti) italoza ku seva yatsopano.

Chenjerani ndi "mnyamata wodziwa makompyuta" amene yekha ndiye akusunga password ya root ndi ya ku kampani yolembetsa domain, ndipo akafunsidwa amangoti zonse zimachitika zokha usiku. Muuzeni abwezeretse akaunti imodzi pa seva yoyesera inu mukuona, mutsegule webusayiti, mulowe mu imelo, muone ngati zolemba za dzulo zili mu database. Chitani zimenezi miyezi itatu iliyonse, ndipo muziwerenga uthenga umene WHM imatumiza backup ikalephera. Disiki ikadzadza, backup imatha kusiya kupangika kwa milungu ingapo, fayilo yomaliza n'kukhala yodukiza pakati.